Mabedi amene ndinawaopa ndekha

Inu owerenga, nkhani iyi sindinaifotokozepo ngakhale kwathu ku Malawi. Mayi anga amangodziwa kuti geni yanga inagwa. Sadziwa kuti mwana wa eni anathyoka mkono chifukwa cha bodza langa. Dzina ndabisa, koma zimene ndinachita sindibisako.

Ndimakhala ku Cato Manor kuno ku Durban ndi mwamuna wanga ndi mwana wathu Tadala. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma maso ndili nawo. Kwa zaka zitatu ndinkasesa ndi kukolopa kwa mmwenye wina amene amaitanitsa mipando, matebulo ndi mabedi kuchokera kunja. Ndinkaona mmene ankachitira. Asanaitanitse katundu wambiri, ankayamba wapempha chinthu chimodzi chokha choti aone, chimene amati sampulo. Likakhala bedi, antchito ankalimanga nkusanjikapo matumba a simenti, nkulisiya masabata awiri pakhomo pamene pamalowa mphepo ya kunyanja, kuti aone ngati lipindika kapena kuchita dzimbiri. Ine ndinkasesa mozungulira matumbawo, mumtima nkumati anthu olemera ali ndi nthawi yotaya.

Kuno Amalawi ambiri timapanikizana m'chipinda chimodzi ndi ana atatu kapena anayi. Ndinaona kuti mabedi osanjikizana aja, a dabulodeka, akhoza kuyenda malonda. Nditalandira chipereganyu changa, mwamuna wanga nkuwonjezerapo zimene ankasunga, tinayamba kukambirana koti tikaode. Iye ankafuna tigule kwa ogulitsa mopikulitsa a konkuno, chifukwa bedi umaligwedeza ndi manja ako, likakhala loipa umabweza. Panalinso mayi wina wa ku Zambia amene amapita ku China kawiri pachaka. Iyeyo anati tikamupatsa kangachepe atha kukationera katundu ndi maso ake. Zonsezi ndinakana. Ndinali nditapeza fakitale ina pafoni, zithunzi zake zowala, mtengo wake wotsika kwambiri. Munthu amene ndinkalemberana naye anandifunsa yekha ngati ndikufuna sampulo. Ndinaona kuti ndi kuchedwa, ndipo ndinayankha kuti angotumiza onse makumi awiri.

Anthu amati ndine wodekha. Ndi zoona, ndinadikira miyezi itatu osadandaula, mpaka ejenti amene anatipezera malo mu kontena ya anthu ambiri anatiimbira kuti katundu watuluka kudoko. Koma kudekha kwanga kunabwera pamalo olakwika. Ndinakanika kudikira bedi limodzi, nkudikira makumi awiri.

Tsiku limene tinatsegula katoni yoyamba, mwamuna wanga anatenga sipanala nkuyamba kumanga. Atangolimbitsa bawuti loyamba, chitsulo chinabonyoka ngati chitini cha nsomba. Anandiyang'ana.

"Amayi a Tadala, ichi si chitsulo. Penti yekhayu ndiye akuchigwira."

Ndinamuuza kuti asamalimbitse kwambiri. Anati tilembere a kufakitale. Tinalemba, iwo nkuyankha kuti mtengo umene tinasankha ndi wa chitsulo chimenecho, ndipo zinali zoona, nambala ya kuchindikala kwake inalipo pa pepala, ine sindinafunse tanthauzo lake. Wondibera panalibe. Ndinagula zimene ndinaitanitsa.

Apa mpamene pali manyazi anga, inu owerenga. Kulakwitsa koyamba kunali kwa umbuli, koma kwachiwiri ndinachita ndikudziwa. Bedi limene tinamanga lija ndinalijambula bwinobwino, nditayalapo nsalu yanga ya tchalitchi, kenako ndinauza mwamuna wanga kuti alimasule. Tadala anapitiriza kugona pa matiresi pansi. Zithunzi ndinaziika pa gulu la pafoni la Amalawi, ndipo m'miyezi iwiri ndinagulitsa mabedi khumi ndi atatu. Mwamuna wanga anakana kukawamangira anthu. Ndinkangowapatsa makatoni.

Mmodzi mwa ogula anali Abiti Saidi, mayi wachikulire wa ku Mangochi amene amagulitsa chimanga chophika ku Warwick Junction. Nditafika kuno ndili ndi pakati, mwamuna wanga asanapeze chipinda, ndi iwo amene anandisunga miyezi inayi, ine Mkhristu, iwo Msilamu, osandifunsa kalikonse. Amalera zidzukulu zitatu. Atabwera kudzatenga bedi tinakumana panja, ndipo anagogoda katoni ndi chala.

"Mwanangu, ndi lolimba ili? Anyani angawa sagona, amavina."

"Ndi lolimba, amayi."

"Mdzukulu wanga Tadala akugona pa lomweli?"

Ndinati eya. Liwu limodzi lokha, ndipo linatuluka mosavuta moti ndinadabwa nalo ndekha.

Panapita miyezi inayi. Loweruka lina masana ndikuchapa, mnzanga anandiimbira kuti bedi la kwa Abiti lagwa. Ana awiri akuluakulu anali pamwamba akuonera foni, wamng'ono, Amina wa zaka zinayi, ali m'munsi. Chitsulo chinang'ambika pa bawuti pomwe, mbali yapamwamba nkumugwera pamkono. Mulungu yekha ndiye anapatutsa mutu wake.

Kuchipatala sindinapite. Ndinavala, ndinafika mpaka pokwerera matakisi, nkubwerera. Masiku atatu ndinkangoti ndipita mawa. Tsiku lachinayi Abiti anabwera okha. Anavula nsapato pakhomo, nkulowa, nkukhala pa mpando. Anayang'ana makatoni asanu ndi awiri amene anatsala pakona, anayang'ana matiresi a Tadala pansi. Ndinawapatsa tiyi, anangomugwira m'manja.

"Bedi la Tadala lili kuti?"

Ndinagwada. Ndinawauza zonse, za sipanala, za chithunzi, za nsalu ya tchalitchi. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Iwo anaika kapu pansi tiyi ali wosamwa.

"Ukanandiuza kuti ndi lofooka, ndikanagulabe kuti ndikuthandize. Ndikanangochotsa lapamwambalo, ana nkumagona pansi ngati wako."

Atanyamuka anandifunsa kuti mabedi ena ali m'nyumba zingati. Nditanena, anati sabata isathe ndisanafike m'nyumba zonsezo.

Ndinayenda nyumba khumi ndi ziwiri, Tadala kumsana, kuchokera ku Cato Manor mpaka kwa banja lina la ku Tongaat limene bambo ake amadula nzimbe. Paliponse ndinkayamba ndi mawu omwewo, kuti tsitsani ana, bedi limene ndinakugulitsani ndi loipa ndipo ndinkadziwa. Ena anandinyoza, ndipo ankayenera. Mayi wina anandifunsa pamaso pa ana ake ngati ndimapemphera. Bambo wa ku Tongaat uja anangotenga sipanala nkuyamba kumasula ine nditaima pomwepo. M'nyumba ziwiri ndinapeza zitsulo zitayamba kale kung'aluka, dzimbiri litadya pa mabawuti. Onse makumi awiri tinakagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Amene anagula mabedi ndinawabwezera ndalama zawo pang'onopang'ono, koma zimenezo si zimene zimandiwawa.

Amina anachira, ngakhale kuti mkono wake suwongoka bwino kukazizira. Ndimamva kwa anthu, chifukwa kunyumba kuja sindinaitanidwenso.

Inu amene mukufuna kuitanitsa katundu kunja, makamaka amayi anzanga amene mumasonkha chipereganyu, chithunzi cha pafoni sichinyamula munthu. Itanitsani chinthu chimodzi kaye, mukhalepo, muchigwedeze, muchisenzetse katundu. Ngati simungathe, tumani munthu amene akafike kufakitale, kapena gulani konkuno kumene mungabweze, ngakhale phindu lichepe. Nambala imene simukuimvetsa pa pepala, funsani, kusaphunzira si mlandu. Ndipo zikakuvutani ngati mmene zinandivutira ine, katundu atafika kale ali woipa, luzani nokha. Musapatse mnzanu chinthu chimene mukuopa kugonekapo mwana wanu.

Ndinabwerera ku ntchito yosesa. M'mawa uliwonse ndimadutsa ku Warwick, pafupi ndi pamene Abiti amaphikira chimanga. M'tauni muno ambiri timabisa Chichewa poopa anthu, koma ine ndi iwo tinkati tikakumana, amandikokera pafupi ndi mgolo wawo nkumanong'onezana za kwathu. Pano ndikaima nkunena motsitsa kuti mwadzuka bwanji amayi, amandiyang'ana mwaulemu ngati kasitomala aliyense, nkundiyankha m'Chizulu.

"Yebo, sisi. Ufuna zingaki?"

Ndimagula chimodzi, nkumapita.