Chilimwe Chimene Amayi Anatentha Udzu wa Mzungu

M'bokosi langa la nsalu, pansi penipeni, muli phale lakuda lokwana pachikhatho. Ana anga akaliona amaseka, ati ndimasunga zinyalala. Aziseka. Phale limenelo ndi la mtsuko wa amayi, umene mlonda wa mzungu anaswa ndi chibonga ine ndikuona, ndipo kuda kwakeko n'kwa makala amene ndinanyamulamo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mpaka lero ndikalikanda, mwaye umatsalira m'chikhadabo.

Inali nthawi ya Chitaganya. Tinkakhala kumpoto kwa Boma la Kotakota, nyumba yathu ili yokha kumapeto kwa mudzi. Kuchokera pakhomo pathu kukafika kunyanja kunali kanjira kamene bambo anayamba kuponda chaka chimene anamanga nyumbayo, ine ndisanabadwe. Ankadzeramo m'mawa uliwonse atasenza nkhafi ndi ukonde. Kanjirako sikanali kowongoka. Pakati pake kankakhota kuzungulira mtengo wa mkuyu, pomwe bambo ankatula katundu n'kukhala pansi kusoka ukonde wong'ambika. Amayi ankadzeramo ndi mtsuko m'chilimwe mokha, chitsime cha kuseri kwa nyumba chikauma.

Bambo anamwalira ndi chifuwa mvula yoyamba itangogwa. Ife ndife Asilamu, choncho amayi analowa eda, kukhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi kulira mwamuna wawo, osapita kumunda ngakhale kudooko. Bwato anatenga abale a bambo. Madzi tinali nawo m'chitsime. Panalibenso phazi lopita kunyanja, ndipo tsekera anamera m'mbali, n'kuweramira m'kanjiramo, n'kukakwirira. Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri, udzuwo unapitirira mutu wa munthu wamkulu.

M'miyezi yomweyo ndi m'mene anabwera anthu oyeza malo ndi unyolo wawo ndi zikhomo. Boma linali litabwereketsa malo onse a pakati pa mudzi ndi nyanja kwa mzungu wina wogula mpunga. Oyezawo anayang'ana, anaona udzu, analemba udzu. Amene anagwira kumapeto kwa unyolo anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali atangolembedwa ntchito ya ukapitawo kwa mzunguyo. Kanjirako ankakadziwa ngati chikhatho chawo, koma anangokhala duu. Zimenezi zinanditengera zaka kuti ndiwakhululukire.

Amayi potuluka mu eda anapeza waya waminga utadutsa pafupi ndi nkhokwe yathu, ndipo mkuyu uja atadula, nthambi zake atazisandutsa mizati. Anadikira mpaka chitsime chinayamba kutulutsa matope okhaokha, ndipo m'mawa wina anatenga mtsuko, anakweza waya ndi dzanja, n'kundiuza kuti ndilowe. Tisanayende n'komwe, mlonda anatulukira. Anali munthu wa m'mudzi mwathu momwemo, amene ankadya nsomba za bambo. Ananena kuti malo ano ndi a bwana, amayi anati njira ino ndi yanga, ndipo chibonga chinagwera pamtsuko. Ndikukumbukira kulira kwake, phwa, ndi fumbi lofiira la dongo pamapazi a amayi. Anawerama, anasankha phale lalikulu, n'kundipatsa.

"Sunga," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo madzi tinkakatunga mozungulira dambo. Tinkanyamuka mame asanaume, n'kubwerera dzuwa litafika pamutu. Mchenga unkatentha mpaka kusupula kuphazi, bango linkacheka akakolo, ndipo madzi a m'kachidebe kanga ankafika kunyumba atachepa, ena atathera pamsana panga. Nyanja tinkaimva ikulira kuseri kwa udzu, pafupi kwambiri moti kale amayi ankasiya mphika pamoto, kukatunga, n'kubwerera usanapserere. Ndinkadana ndi waya uja ndi mtima wanga wonse. Ndinkaulavulira podutsa.

Amalume ankabwera madzulo ena kudzawakhazika mtima pansi. Mawu awo anali amodzimodzi nthawi zonse: "Achemwali, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Zisiyeni." Amayi ankapitiriza kupeta mpunga osawayang'ana. Tsiku lina lokha ndi pamene anaika lichero pansi.

"Achimwene, ndinakhala m'nyumba kulira mwamuna wanga monga Mulungu analamulira. Ndiye malipiro ake ndi amenewa? Ndikanakhala mkazi wopanda manyazi, woyendayenda maliro ali aawisi, bwenzi njira yanga ilipo."

Amalume ananyamuka osamwa tiyi wawo.

Amene anatithandiza anali aphunzitsi a ku mishoni, Mkhristu, mnzawo wa bambo pa bawo. Anabwera pa njinga, anakhala pakhonde, n'kulemba kalata ya Chingerezi yopita kwa Bwana Disi, mzungu wolamulira ku Boma. Anawafotokozera amayi kuti ngakhale m'malamulo a azungu, munthu akhoza kupatsidwa malo koma sangatseke njira yakale imene ena amadzera popita kumadzi. Vuto linali kusonyeza kuti njirayo inalipo waya usanabwere. Pamapu panalibe. Ndipo anachenjeza kuti asayerekeze kukalambula kapena kukaipondaponda mwakabisira.

"Mukangoikhudza ndi khasu, mayi, mlandu mwaupha nokha. Adzati mwaikumba dzulo."

Amayi anafunsa kuti nanga njira imaonetsedwa bwanji popanda kuilambula kapena kuyendamo. Aphunzitsi, ndi sukulu yawo yonse ija, anakanda m'mutu n'kunena kuti sakudziwa.

Yankho la ku Boma linachedwa mpaka mwezi wotentha kwambiri, mango atayamba kupsa. Linati Disi abwera yekha kudzaweruza mlanduwo pamalo pomwepo. M'masabata amenewo amayi anayamba kuchita zinthu zimene anthu ankanong'onezana kuti chisoni chawasokoneza mutu. Analambula kuzungulira nyumba ndi nkhokwe mpaka panalibe ndi kaudzu komwe. M'mawa uliwonse ankaima pafupi ndi waya, kutapa phulusa pang'ono, kuliwaza m'mwamba, n'kuyang'ana kumene likupita. Anali mkazi wa msodzi, mphepo ankaidziwa. Ankadziwa kuti m'mawa imachokera kumtunda kutsikira kunyanja, ndipo dzuwa likakwera imatembenuka. Ine ndinkangoona phulusa likuuluka.

Tsiku la mlandu lisanafike amayi anandiitana n'kundiuza zochita. Ndikaona akumasula mpango wawo kumutu, ndithamangire kukhitchini, ndipale makala m'phale lija, ndibwere nawo osayang'ana munthu. Alipo amene anganene kuti sikunali koyenera kumusenzetsa mwana chinthu chotero. Anene. Atandituma lero, ndi maondo owawawa, ndikhoza kupitanso.

Bwana Disi anafika m'mawa ndi mesenjala ndi kalaliki womasulira. Anaika tebulo pafupi ndi nkhokwe yathu, anatambasula mapu, n'kuwatsindira ndi miyala m'makona. Mzungu wa mpunga anali pomwepo atavala chipewa chachikulu, amalume ataima kumbuyo kwake. Mudzi wonse unakhala pansi. Aphunzitsi anawerenga kalata yawo, mzungu anayankhula zake, ndipo kalaliki anatembenukira kwa amayi n'kunena kuti pepala la boma silikuonetsa njira iliyonse. Disi analoza ndi kaliwo wake wa fodya udzu uja, wouma, wotalika ngati denga, n'kufunsa kuti njirayo ili pati. Ena anaseka chapansipansi. Ndinawamva ndipo ndikuwakumbukirabe.

"Muwauze bwana kuti ilipo," anatero amayi. "Aiona tsopano."

Anakweza manja n'kumasula mpango.

Ndinathamanga. Makala anali ofiira, phale linatentha msanga, ndipo ndinkalisinthasintha m'manja misozi ikulengeza, koma sindinaligwetse. Ndinadutsa pakati pa anthu, pafupi ndi nsapato za mesenjala. Amayi anazula udzu wodzaza dzanja, anaukhudzitsa pamakala, anauzira kamodzi, n'kuulowetsa pansi pa waya.

Amene sanaonepo tsekera wa m'chilimwe akuyaka sangamvetse. Anaphulika ngati mfuti zambiri. Kutentha kunatimenya kumaso, anthu anadzuka n'kubwerera m'mbuyo, mapu anauluka patebulo kalaliki n'kuwathamangira. Mzungu wa mpunga ankakuwa mawu amene kalaliki sanawamasulire. Mesenjala anagwira amayi pamkono ndipo iwo sanalimbane naye, anangoima akuyang'ana moto. Mphepo ya kumtunda inautenga molunjika, kusiya nyumba yosungiramo mpunga ya mzungu chakummwera osaikhudza, mpaka unakafika pamchenga n'kuzima wokha. Mphamba zinali zitadzaza kale m'mwamba kusaka ziwala.

Kenako utsi unachepa. Malo onse anali akuda bii, ndipo pakati pa mdima umenewo panali mzere wotuwa, wolowa pansi ngati kangalande. Pamene phazi laponda zaka zambiri nthaka imalimba, udzu sumera bwino, ndipo phulusa silikhala lambiri. Mlimi aliyense amadziwa zimenezi, mlenje aliyense wa mbewa amadziwa, koma oyeza malo aja sanafunse mlimi. Mzerewo unayambira pakhomo pathu, unadutsa pansi pa waya, unakhota kuzungulira chitsa cha mkuyu, n'kukathera kumadzi. Ndinamva aphunzitsi akunena motsitsa kuti madzi saiwala khwawa.

Disi anauza mlonda kuti akweze waya, analowa, n'kuyenda m'njiramo yekha mpaka kunyanja. Anagogoda nthaka ndi chidendene cha nsapato m'malo angapo. Pobwerera, masokosi ake oyera anali akuda mpaka m'maondo. Anafunsa kuti ndani wa m'mudzi muno anali limodzi ndi oyeza malo, ndipo maso onse anagwera pa amalume. Anawafunsa ngati ankaidziwa njirayo. Amalume anayang'ana bwana wawo, kenako anayang'ana mlongo wawo ali m'manja mwa mesenjala.

"Ndinkaidziwa, bwana. Anaiponda ndi mlamu wanga. Ndinaopa ntchito."

Chigamulo chinali cha mbali ziwiri. Waya udulidwe, pasiyidwe mpata woti munthu wosenza mtsuko adutse, ndipo njirayo ilembedwe pamapu kuti aliyense wodzatenga malowo aziilemekeza. Koma chifukwa chotentha udzu pamalo a mwini, amayi akakhale m'ndende ku Boma masabata awiri. Amayi anapempha kalaliki kuti abwerezenso mbali yoyamba ija, ndipo atabwereza anati basi, tiyeni. Ananyamuka ali patsogolo, mesenjala akuwatsatira ngati ndi iyeyo womangidwa. Sindinalire. Ndinali nditagwirabe phale, zala zitatuluka matuza.

Amalume ntchito inawathera tsiku lomwelo. Ndiwo anandisamalira masabata awiriwo, ndipo ankapita okha kudooko ndi chidebe pamutu, amayi a m'mudzi akuwaseka kuti kapitawo wasanduka mtsikana. Mlonda uja ankati akationa amayang'ana kumbali.

Mwana wanga wina anadzaphunzira zamalamulo, ndipo anandiuza kuti ufulu wodutsa pamalo a wina uli ndi dzina lake lalitali m'mabuku awo. Ndinamuuza kuti agogo ake sankadziwa dzinalo, ndipo kulemba kwawo kunali kudinda chala, koma mlandu anapambana. Ndimanyadira, sindibisa.

Amayi anabwerako ataonda, m'mutu atametedwa. M'mawa wotsatira anatenga mtsuko watsopano ndipo tinalowa pampata uja tonse awiri, ine patsogolo. Msipu unali utayamba kuphukira m'phulusa. Titafika pokhota paja, ndinaona kuti mtengo palibe, udzu palibe, ndipo nyanja ili apo poyera. Ndinasiya njira n'kudula molunjika. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu moti chidebe chinagwa, anandibweza pamene ndinapatukira, n'kundiyendetsa mozungulira chitsa.

"Pano sitidula," anatero.

Kenako anatula mtsuko. Anaika phazi lawo m'kangalande kaja, pamene panali polowa kwambiri, n'kuima pomwepo nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Ine ndinatola chidebe changa nditakwiya. Tinali titazunzika miyezi yonse ija, amayi atagona m'ndende, zala zanga zitapsa, kuti njira ifupike, ndiye lero tizizunguliranso mtengo umene kulibe? Ndinkaponda pansi mothamangitsa, kuwauza kuti dzuwa likukwera. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkaganiza kuti mlandu wonse uja unali wa madzi.