Khasu la aNangozo

ANangozo, mnansi wanga, lero chakwana chaka chitisiyireni. Ndakumbuka tsiku lija tili kuchigayo ku Manjawira, ine ndikudandaula kuti Tadala wanga chiyambireni sekondale sandiuzanso kanthu, ndikamufunsa amangoti "palibe". Munaseka, n'kunena kuti: "Amake Tadala, mtsikana wa msinkhu umenewo samufunsa ngati muli pabwalo la milandu. Wanganso anali choncho. Pitani naye mukakumbe kachewere, maso pansi, inuyo chete. Ayamba yekha." Madzulo ake munandipatsa khasu lanu kuti makasu akhale awiri. Dengu lisanadzaze, mwana anali atandiuza zonse za anzake amene ankamuseka kusukulu.

Dzulo mayi ena a kumpingo anabwera akulira za mwana wawo. Ndinawauza mawu anu omwe aja, n'kuwabwereka khasu lija. Zikomo aNangozo, pumulani. Khasu lanu likadali kumunda.