Valdemira ndi Nyambo ya Mlamu Wake

M'chilimwe cha 1961, madzi a mtsinje wa Solimões ataphwera, m'mudzi mwathu munabadwa Valdemira. Mayi ake anakana kutchula mwini mimba, choncho monga mwa mwambo anthu anangoti ndi mwana wa boto, dolofini wofiirira uja, chinyama cha m'madzi chonga chinsomba chachikulu, amene amati amasanduka mwamuna n'kumanyenga atsikana kumagule. Dzinalo silinamuchititse manyazi. Anakula akuwakonda aboto, ndipo onse khumi ndi anayi a padooko pathu ankawadziwa ndi zipsera zawo.

Zinthu zinaipa mu Ogasiti 2008. Mlamu wake Osmarino anakhoma khola lamatabwa lokoleramo nsomba m'madzi, n'kuyamba kubaya aboto. Nyama yawo ikawola ankakopera pirakatinga, nsomba yodya mitembo imene ife sitiyika n'komwe pakamwa. Ankaitumiza kumzinda, kumene anthu ovala bwino ankaidya ndi foloko itapatsidwa dzina lina. Kwathu kuno fungo la nyama yowolayo linkafika mpaka m'tchalitchi, ndipo mafuta ankayandama pamalo pochapira.

"Alamu, kodi nseru mulibe?" anafunsa Valdemira tsiku lina, atatseka mphuno.

"Nseru ya chiyani, mlamu wanga?" anayankha Osmarino. "Bambo anuwa chibadwire chanu sanakugulireniponi ngakhale sopo. Asiyeni agwireko ntchito."

Amuna anzake anaseka mpaka kutsokomola.

Pofika 2014 kunatsala boto mmodzi, wamkazi wong'ambika chipsepse, amene Valdemira ankamutcha Azakhali. Pa 3 Malichi Valdemira ananyamuka, n'kupalasa bwato masiku awiri kukanena kwa oyang'anira mtsinje. Iwo anabwera pa 19 Meyi, madzi atasefukira, khola litamira. Sanaone kanthu. Anadya kwa Osmarino, n'kumuyamikira kuti amadziwa kulandira alendo.

M'mawa wa pa 6 Okutobala, Valdemira akupita kukatunga madzi, anapeza mlamu wake ali m'madzi olekeza m'chiuno, atapana chinyama chowola mpaka kubiriwira pakati pa miyendo, nsomba zikupiringizana pomwepo. Chipsepse chong'ambika chija chinali poyera.

"Bwerani mutsanzikane nawo Azakhali anu!" anafuula Osmarino.

Valdemira anasanza. Kenako anayang'ana ndowa yake, n'kuyang'ananso madzi amene anamwa zaka makumi asanu ndi zitatu, ndipo anabwerera kunyumba ndowa ili youma. Masiku asanu ankangomwa madzi a mvula otsalira m'mgolo. Atatha, anakwera sitima ya pamadzi yopita kwa mwana wake kumzinda wa Manaus, pa 11 Okutobala 2014.