Nyimbo Imene Ndinapatsa Mlamu Wanga

Nsanje ndi matenda, ndipo ine ndinadwala zaka zambiri. Ndinali wopeka nyimbo m'kwaya ya mpingo wathu, kufupi ndi Madisi. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, ankaima kumbuyo kwanga poimba, ndipo ngakhale popumira pakati pa mzere ndinamuphunzitsa ndine.

Tsiku lina anakwera minibasi kupita ku Dzaleka, ku situdiyo ya anyamata a ku Congo. Anabwerako ndi nyimbo zovinitsa. Posakhalitsa mawu ake anali ponseponse: m'magolosale, pachigayo, mpaka m'foni ya amuna anga. Ndinkauza anthu kuti zimenezo si nyimbo za Mulungu, n'za m'mabala a mowa. Linali bodza. Zinali zokoma, n'chifukwa chake zinkandiwawa.

Pofuna kuonetsa kuti enieni ndife, ndinaletsa kiyibodi m'kwaya n'kukakamira nyimbo zanga zakale. Kupeka zatsopano ndinasiyiratu, poopa kuti anthu azizifanizira ndi zake. Atsikana anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ine n'kumati akutsata zadziko.

Pachikondwerero cha makwaya ku Ntchisi, mwambo unali woti kwaya iliyonse ibwere ndi nyimbo yatsopano. Ife tinangosintha mawu a vesi loyamba pa nyimbo yakale, poganiza kuti anthu sazindikira. Tisanalimalize n'komwe vesilo, tchalitchi chonse chinali chitalowa kale kolasi, ena akuseka. Ndinasowa pobisa nkhope.

Panja mlamu anandipeza ndikukonza duku. Ndinkadikira chipongwe.

"Alamu, munasiyiranji kupeka? Ine mawu ndili nawo, koma zoimba zikundithera."

Ndinamuuza kuti akafunse a ku Congo akewo.

Koma mlungu womwewo, ndikusoka fodya m'chigafa, nyimbo inabwera yokha. Linali pemphero la munthu amene sakondwa mnzake akadalitsidwa. Sindinavutike nayo, chifukwa munthuyo ndinkamudziwa bwino. Vuto linali woiimba. Kwaya yanga inali itatsala mafupa okhaokha, ndipo mawu oinyamula nyimboyo ndinkadziwa kumene ali. Ndinazengereza masiku angapo, kenako ndinapita nayo kwa mlamu.

Ndinamuimbira pakhonde. Nditamaliza anandifunsa kuti ndinkanena ndani m'nyimbomo.

"Inu ingoimbani," ndinatero. "Mukaiimba bwino kuposa ine ndipsa mtima, koma imbani."

Anaiimba bwino kuposa ine.