Pampu Imene Sinafike pa Makhanga

Pachikamwini panga, pa Makhanga, ndinkadziwika kuti ndine wa foni. Wofuna kutumiza ndalama kapena kumva mtengo wa thonje ankabwera kwa ine, ndipo sindibisa, ndinkadzimva. Ndiye apongozi anga aakazi atagulitsa ng'ombe yawo kuti tigule pampu ya sola yothirira kudimba, ndalamayo anaiika mu akaunti yanga. Ndinapeza sitolo ina ya ku Blantyre pa intaneti, n'kulembamo manambala a khadi langa la ku banki, ndalama n'kutuluka. Tsiku limenelo ndinazungulira mudzi wonse ndikulengeza kuti chaka chino tidya mondokwa mpaka kutopa.

Kenako Ruo ndi Shire anagwirizana zotikhaulitsa. Msewu unaduka, ife n'kuthawira kusukulu. Tili komweko a sitolo anatumiza uthenga wakuti galimoto yawo singafike, oda aithetsa, ndalama ibwerera. Madzi anaphwa, anzathu anayamba kubzala motsata chinyontho, koma ndalama ziii. Ndikaimba foni ankangoti, "Tikuunika, bwana."

Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Tikakumana panjira wina amapatuka, ndipo mawu onse amadutsira mwa mkazi wanga. Mawuwo anayambadi kudutsa. "Akuti ng'ombe ija ili kuti?" Mawa lake, "Akuti kumsika anthu akukamba za nsapato zanu zatsopano." Nsapato zimene ndinagula pakaunjika mvula isanayambe! Ndinazibisa pansi pa bedi, koma mtima unandipweteka zedi. Munthu wobwera akangotchedwa wakuba, chotsatira n'kumumangira katundu wake.

Ndinati basi, ndikupita ku banki ku Nchalo. Yankho linabwera msanga: "Akuti nawonso apita." Mkazi wanga anali ndi pathupi potopa, sakanakwera bwato. Choncho tinanyamuka awiri, opanda wotilankhulira. Powoloka mtsinje pa Mtayamoyo iwo anakhala kutsogolo kwa bwato atandifulatira, ine kumbuyo. Mu minibasi ya pa Bangula chimodzimodzi. Ulendo wonsewo palibe anatsokomola.

Ku banki tinapeza mayi wina wachitsikana pakauntala. Nditamufotokozera, anati nkhani yotere ili ndi njira yake: banki imafunsa a sitolo, ndipo akalephera kuonetsa kuti katundu anafika, ndalama imabwerera pakhadi. Mtima wanga unadumpha. Ndinkaganiza kuti ndalama ikalowa mu intaneti ndiye kuti yapita ngati mbuzi yokokoloka ndi madzi.

Apongozi anali ataima cham'mbali, nkhope kukhoma. "Mwana wanga," anatero kwa mayi uja, "muwafunse bambowa, kobiri yanga anatumiza kwa anthu enieni?"

Mayiyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana apongozi. Tinali titaima moyandikana moti nsalu yawo inkandikhudza.

"Muwauze amayi kuti ndi anthu enieni, ali ndi sitolo," ndinayankha.

Anadziluma mlomo kuti asaseke. "Ndamva, ndine wa kwa Ngabu," anatero, n'kuyamba kunyamula mawu athu uku ndi uku mwaulemu wonse, anthu a pamzere akusuzumira.

Kenako anaimbira a sitolo n'kukweza foni kuti tonse timve. Bambo wa kumeneko anayankha mwaulesi: "Kuno zikuonetsa kuti katunduyo anaperekedwa."

Ndinadziona ndili m'bwato ndi chikwama changa, ndikubwerera kwathu. Koma ndisanatsegule pakamwa, apongozi anali atatsamira kale pakauntala.

"Anaperekedwa kwa yani? Kwa mvuu? Mwezi umenewo ife tikugona m'kalasi, galimoto yanu inasambira?"

Banki yonse inaphulika ndi phwete, mpaka mlonda wa pakhomo. Pamenepo apongozi anatembenuka, n'kundiyang'ana m'maso mwenimweni.

"Bambo, aonetseni uthenga uja! Mukungoima bwanji?"

Foni inatsala pang'ono kundipulumuka. Chikwatirire m'banjamo, aka kanali koyamba kuti mawu awo afike kwa ine osadutsa mwa munthu. Ndinaupeza uthengawo. Mayi uja anauwerenga mokweza, wa kusitolo anayamba chibwibwi, foni n'kuduka. Ndinasaina pomwe anandilozera. Anatiuza kuti tidikire milungu ingapo, ndipo sanalonjeze kanthu.

Pobwerera apongozi anakhalanso kutsogolo atandifulatira, ngati palibe chachitika. Ine kumbuyo ndinkangomwetulira ndekha ngati chitsiru. Tili pakati pa mtsinje, dzanja lawo linabwera chakumbuyo n'kusiya nthochi pathabwa.

Milungu ija inatalika. Ndinabzala ndithu, n'kumathirira ndi keni mpaka mapewa kutupa, foni ili m'thumba la pulasitiki pachifuwa. Ikalira ndinkataya keni, n'kupeza kuti ndi uthenga wotsatsa mabando. Tsiku lina masana inaliranso. Ndinapukuta matope m'manja, n'kuwerenga, n'kuwerenganso. Ndalama yonse yabwerera!

Ndinathamanga, anthuni! Ndinadumpha mizere ya eni ake, ndinagwa mu ngalande, n'kudzuka osadzisasa. Ndinafika pakhomo ndikukuwa ngati nyumba ikupsa: "Yabwera! Ng'ombe yabwera!"

Apongozi anali pamkeka akusenda nyemba. Mkazi wanga, khanda lathu lobadwa kumene lili kumsana, anatembenukira kwa iwo monga mwa masiku onse. "Amayi, akuti..."

"Ndamva, makutu ndili nawo," anamudula. Anasiya lichero n'kukweza maso kwa ine. "Takhuta, zikomo bambo. Mawa mulawire, tikagule pampu pa Nchalo, yoigwira ndi manja tisanalipire."

Ndinagwada pomwepo, matope ali thupi lonse, misozi ikulengeza. Ndikudzuka kuti ndikasambe, anandiitananso.

"Ndipo nsapato zija muzitulutse pansi pa bedi. Muvale, tidutsire pamsika."