Bondo limene silinapweteke

Pa mpikisano wothamanga kukwera phiri la kuseri kwa Metangula, ine ndinanama.

Chakumtunda kanjira kanadutsa pathanthwe loterera ndi mvula, kumanzere kuli phompho. Nditasuzumira ndinaona nsonga za mitengo pansi panga. Ndi mantha, ndinakhala pansi n'kugwiritsitsa udzu.

Achimwene anga, amene anali patsogolo pa onse, anabwerera.

"Watani, Tomasi?"

"Bondo, achimwene!"

"Kwera kumsana. Kumtunda ndiye kufupi."

Anandibereka pathanthwe lomwelo. Pakatikati phazi lawo linaterereka, timiyala tinagwera kuphompho osamveka pofikira. Ndinawakanyanga pakhosi nditatsinzina, koma zoona sindinanene.

Tinafika omaliza. Mpaka lero achimwene akamandikumbutsa za mphotho imene anaphonya, ine ndimangosisita bondo.