Malangizo a amalume

Sukulu ya makompyuta ndinaisiyira panjira. Wofuna kudziwa chifukwa akafunse aphunzitsi amene ankatiphunzitsa kompyuta ndi choko pabolodi. Ndinabwerera kwathu ku Phalula kukagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, mpaka amayi anakandipemphera ntchito kwa achimwene awo, amalume anga, ku Balaka.

Amalumewo ankayendetsa kabungwe kopezera alimi malole onyamula nandolo ndi thonje. Mlimi akalemba uthenga pafoni, ankayankhidwa ndi pulogalamu ya AI yomwe ife tinkaitcha kalaliki. Kalalikiyo alibe manja. Akafuna kuitana lole kapena kuibweza amagwiritsa ntchito timapulogalamu tina, timene tinkati zida. Chida chilichonse chimakhala ndi malangizo olembedwa: chimachita chiyani, uchipatse chiyani, chikakanika chimayankha bwanji. Kalaliki amadziwa zolembedwazo basi. Ntchito yanga inali kuwerenga malangizowo, kumuyesa nawo kalaliki, n'kulemba ngati ali bwino kapena oipa. Othandiza bungwelo ankafuna kuona chigamulo chimenechi alimi asanayambe kudalira kalaliki.

Wolemba malangizo onse anali amalume.

Pa chida choitanira lole analemba kuti: "Chida ichi chimaitana lole." Ndiye ine ndimayesa chimakazinga mandasi? Sanalembe ngati chimafuna dzina la mudzi kapena la msika. Sanalembe kuti dalaivala akachedwa kuyankha uyenera kudikira. M'munsi mwake anawonjezera mawu amene amandipsetsa mtima mpaka lero: "Mukakanika mundiimbire."

Ndinamuyesa kalaliki. Ndinadzisandutsa mlimi wa ku Ngokwe wofuna lole. Kalaliki anaitana lole, yankho linachedwa, anaitananso, n'kuitananso. Zikanakhala zenizeni, malole akanandanda pakhomo la munthu mmodzi ngati pali ukwati. Ndinalemba kuti malangizowo ndi oipa.

Koma pabungwepo chigamulo sichinkatumizidwa tisanakhale pansi tonse, wolembayo ali pompo. Tinalipo ine, mayi wina wa ku Ulongwe amene ankalankhula ndi madalaivala, ndi bambo wina wokonza makompyuta. Amalume anaimirira n'kufotokoza chida chija pakamwa. Ndinene zoona, anafotokoza bwino: upereke dzina la msika, udikire dalaivala, usaitane kawiri. Anzanga aja anagwedeza mitu.

"Zamveka, bwana," anatero bambo uja. "Zili bwino kwambiri."

"Zamveka kwa ndani?" ndinafunsa ine. "Kalaliki sali m'chipinda muno. Zimene mwanenazi, amalume, bwanji osangozilemba?"

"Mphwanga, izi n'zodziwikiratu. Aliyense amadziwa kuti lole suitana kawiri."

"Iyeyo sadziwa."

"Ndiye ndinalemba kuti andiimbire."

"Akuimbireni ndi pakamwa pati?"

Mayi wa ku Ulongwe anaseka, n'kubisa nkhope m'chitenje. Kuseka kumeneko n'kumene kunandigwetsa. Amalume anakhala pansi, nkhope gwa.

"Iwe, makompyutawa ndinayamba kuwagwira usanamere mano. Wolephera sukulu lero ukundichongera ine?"

"Ndikuchonga malangizo, si inu ayi."

"Usinthe ulembe kuti ali bwino. Zotsalazo tizikonza pang'onopang'ono."

"Iyayi."

Kwathu kuno zinthu timapatsirana pakamwa. Njira ya kumunda, kayezedwe ka feteleza, zonse ndi "ukafika undifunse". Ndipo wamkulu akamaliza kufotokoza, sungamuuze kuti sanamalize. Pakati pa anthu zimayenda, chifukwa wokanika amakwera kabaza n'kukafunsa. Koma tinagula chinthu chosakwera kabaza, n'kumachilera ngati mwana wa mnzathu. Anzanga aja ankadziwa kuti malangizowo ndi opanda pake. Panja bambo uja anandinong'oneza kuti ndanena zoona, koma ndanenera pagulu. Ndinamuuza kuti zoona zake zakuseri azipita nazo kunyumba.

Nkhani inafika ku Phalula ine ndisanatsike minibasi. Amayi ndinawapeza atakhala pakhonde, nkhuku yomangidwa miyendo ili pambali pawo.

"Mawa ukapepese," anatero. "Ntchito imeneyi ndinaigwadira."

"Ndikapepese chiyani?"

"Wachititsa manyazi amalume ako pamaso pa antchito awo. Pakamwa pakopo padzakudyetsa dothi."

Ndinapita nayo nkhukuyo. Amalume ndinawapeza kunyumba kwawo akutsuka galimoto. Ndinagwada monga amayi anafunira, ndinapepesa chifukwa cha kalankhulidwe kanga. Ndinawapempha kuti angonena pakamwa monga dzulo, ine ndizilemba, dzina likhale lawo.

"Ndiye kuti ine sindidziwa kulemba?"

"Sindinatero."

"Chigamulo chija wasintha?"

"Iyayi, amalume. Malangizo akasintha, nachonso chisintha."

Nkhuku analandira. Laputopu ya bungwe imene ndinkagwirira ntchito anati ndiisiye pampando. Chigamulo anasintha okha, ndinamva choncho kwa mayi wa ku Ulongwe.

Ngati anadzakonza malangizowo sindikudziwa, ndipo sindifunsa. Amayi anakhala nthawi osandilankhula. Malo anga ogulitsira tomato ndinapeza wina atayalapo kale, moti panopa ndimakhala kumapeto kwenikweni, kumene maminibasi amadutsa osaima.